Penti ya ndege ya nsalu: chofunika ndi siliva wobisika pansi, osati mtundu wa kunja

Pali ndege zina zing'onozing'ono zoti mukagogoda phiko lake ndi chala simumva chitsulo ayi, limalira ngati ng'oma. Ndipo si zakale zokha zoikidwa mu miyuziyamu, mpaka pano ku America akupangabe Carbon Cub ndi Husky, ndiye palinso anthu ambirimbiri omwe amagula mapulani kapena kiti ya Kitfox n'kumamanga okha mu galaja ya pakhomo kwa zaka. Mkatimo muli mafupa a mapaipi achitsulo owotcherera, kaya matabwa, kaya aluminiyamu, kunjaku n'kukutira nsalu. Nsalu yeniyeni yoluka. Olo ma DC-3 amene Air Malawi inayamba nawo mu 1964, thupi linali la aluminiyamu inde, koma tizitseko tosuntha tokhotetsera ndege tija, rudder, elevator ndi ma aileron, tinali tokutidwa ndi nsalu.

Ambirife tikamva penti timaganiza zokongoletsa, zoti ntchito yonse yatha tsopano tiitane wa sipuleyi wa pa galaja adzapopere mtundu umene watisangalatsa. Pa ndege ya nsalu maganizo amenewo atha kupha munthu, sindikukokomeza. Nsalu yopanda kanthu mpweya umangodutsa m'timabowo take ndiye phiko silinyamula bwino, komanso dzuwa limaidya. Zopakapakazo ndi zomwe zimaitseka, zimaigwiriza ku mafupa, n'kuibisa ku dzuwa. Mtundu umene mumauona kunja uja, chikasu cha Piper Cub kaya kufiira kwa bwanji, ndi umene uli ndi ntchito yochepa kuposa zonse zomwe zapakidwa pamenepo.

Kale ankakutira ndi thonje kapena linen, n'kupaka mankhwala otchedwa dope. Dope woyamba anali wa nitrate, m'bale wake weniweni wa onga wa mfuti, ndipo akamauma amakoka nsalu kuti ikungike. Vuto lake moto. Ndege yopakidwa nitrate ikagwira moto khungu lonse limatha musanaganize n'komwe kuti madzi ali kuti. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse kunabweranso vuto lina, anthu opaka dope m'mafakitale a ndege ku Britain anayamba kudwala chikasu, ena kufa kumene, chifukwa cha tetrachloroethane yemwe ankasungunulira dope wina, ankawononga chiwindi, mpaka anamusiya. Kenako kunafala dope wa butyrate, amenenso amayaka koma mochedwerako. Thonje nalo linali ndi zake, chinyontho ndi nkhungu zimaliwoletsa, ndege yogona panja pakangotha zaka zochepa basi kusenda zonse n'kuyambiranso.

Chakumapeto kwa m'ma 1950 kunabwera nsalu ya polyester, ija ya Dacron, yogulitsidwa pa dzina la Ceconite. Iyi siiwola, madzi alibe nayo ntchito. Koma ili ndi makhalidwe awiri amene nkhani yonse ya penti yagonapo. Choyamba, ulusi wake ndi woterera, palibe chomwe chimalowa mkati mwa ulusimo ngati mmene dope amalowera mu thonje. Chachiwiri, imaopa kwambiri kuwala kosaoneka ndi maso kwa dzuwa, UV, moti mukaisiya panja yosapaka, chaka chimodzi chokha mphamvu zake zambiri zapita, yangotsala kuoneka ngati nsalu. Munthu wina dzina lake Ray Stits wa ku Flabob Airport ku California anapsa akuwotcha zinyenyeswa za nsalu yakale ya nitrate, ndiye anakwiya nazo n'kupanga njira yakeyake m'ma 1960, ya mankhwala a vinyl omwe sakoleza moto. Njira imeneyo ndi imene pano ikudziwika kuti Poly-Fiber.

Lero njira zilipo zingapo, Poly-Fiber, Ceconite yoyendera limodzi ndi dope wa Randolph, Superflite, Stewart Systems ya penti yosungunula ndi madzi, komanso Oratex ya ku Germany. Iliyonse ili ndi guluu wake, mankhwala ake oyamba, siliva wake ndi penti yake yomaliza, ndipo lamulo lomwe aliyense wodziwa angakuuzeni ndi loti osasakaniza. Mwasankha imodzi, tsatirani yomweyo kuyambira guluu mpaka kumapeto. Pa ndege yopangidwa ku fakitale limeneli ndi lamulo la boma kumene. Pa yomanga wekha, ku America amaiika m'gulu la Experimental bola mwiniwake wamanga yekha gawo loposa theka, ndiye boma silikuletsa kupaka chilichonse chimene ukufuna. Ufulu umenewu ndi umene umabweretsa mikangano yonse ya anthu omanga ndege, ndipo mankhwalawo sadziwa kuti ndegeyo yalembetsedwa gulu liti.

Ntchito imayamba nsalu isanafike n'komwe. Mapaipi achitsulo amafuna pulayima ya epoxy, ija yosakaniza zitini ziwiri, matabwa nawo vanishi ya epoxy. Vanishi wamba ya mipando kapena pulayima ya chitini chimodzi zimaoneka bwinobwino mpaka tsiku lomwe mwapakapo guluu wa nsalu, thina wamphamvu yemwe ali mu guluumo, monga MEK, amazifewetsa n'kuzitukula, ndiye nsalu yanu yamatirira pa chinthu chimene nachonso sichinamatirire paliponse, pansi pake dzimbiri n'kumayamba mwakachetechete. Nsonga zonse zakuthwa amazikuta ndi tepi kuti zisadzacheke nsalu.

Kenako kumata nsalu m'mbalimbali ndi guluu, ili yokhwefuka pang'ono, kenako simbi. Eya, simbi yositira zovala yomweyi, yamagetsi, ya makala iiwaleni. Mukudziwa mmene oimba amawambira ng'oma pamoto kuti chikopa chikungike, polyester nayo imakungika ndi kutentha, kungoti iyo ikakungika siibwereranso. Imafupika pafupifupi 10 peresenti. Pa Poly-Fiber ulendo woyamba mumasita pa 121°C phiko lonse, mbali iyi pang'ono mbali inayo pang'ono kuti mafupa asapindike, kenako n'kukweza mpaka 177°C, pamenepo ndi pomwe ulusi umakoka komaliza n'kukhazikika. Mukafika pa 190°C zinthu zimatembenuka, ulusi umayamba kufewa n'kutaya kukoka kwake mpaka kalekale, mukapitirira 200°C pang'ono chabe mwaboola. Ndiye onani kuchepa kwa mpata pakati pa 177 ndi 190. Tizilembo ta pa simbi toti cotton kaya wool sitikuuzani kanthu, mumayenera kuyeza simbiyo ndi thermometer n'kuika chizindikiro pa kogudubuza paja, ndipo simbi yochepa mphamvu imazizira ikangogunda pamene pansi pali chitsulo, inu n'kumati ndasita pamene simunasite. Heat gun ndiye ayi ndithu, simungadziwe kuti nsalu yalandira kutentha kochuluka bwanji. Mukasita moperewera nsalu imadzakhwefuka nyengo yozizira, imatukuka pamwamba pa phiko ndege ili m'mwamba. Koma pa tindege topepukitsitsa ta mafupa ang'onoang'ono ena amaimira pansi dala, chifukwa nsalu yokoka mphamvu zonse itha kupinda nthiti za phiko.

Tsopano coat yoyamba, ndipo apa ndi pomwe pali moyo wa ntchito yonse. Imeneyi simupopera, mumapaka ndi bulashi. Chifukwa chake ndi kuterera kwa ulusi kuja. Mankhwalawo samamatira pa polyester ngati mmene penti imamatirira pa khoma, amayenera kulowa m'timipata ta nsalu, kutulukira kuseri, kuzungulira ulusi uliwonse n'kukumana okhaokha, akauma akhale kuti aukumbatira ulusiwo. Bulashi ndi imene imawakankhira mkatimo. Mukapopera amangoyala pamwamba, amaoneka bwino zedi, koma patapita nthawi mutha kugwira pakona n'kusenda penti yonse ya phiko ulendo umodzi. Pa Poly-Fiber mankhwala ake ndi Poly-Brush, amawaika kamtundu ka pinki kuti muziona pomwe mwadutsa. Pa Ceconite coat yoyamba imakhala dope wa nitrate, inde yemwe uja woyaka uja, chifukwa butyrate sagwira bwino polyester, ndiye nitrate amakhala pansi butyrate pamwamba. Dope wakenso akhale wosakoka, poti nsalu yakokedwa kale ndi simbi, mukawonjezera wokoka adzapitiriza kukoka kwa zaka mpaka kupotokola phiko. Osachulutsanso, akachuluka amachucha mkati mwa phiko n'kusiya timizere tooneka mpaka pa penti yomaliza. Ndipo musanapake pukutani nsalu, mafuta a m'manja okha ndi okwanira kulepheretsa kugwira.

Wina atha kunena kuti izi n'zongoopseza za ogulitsa mankhwala. Steve Wittman anali katswiri wa mipikisano ya ndege kuyambira m'ma 1920, anapanga ndege zambiri ndi manja ake, bwalo la ndege la ku Oshkosh, Wisconsin, komwe kumachitika chionetsero chachikulu cha EAA, bungwe la anthu omanga ndege zawo, chaka ndi chaka limatchedwa dzina lake. Pa 27 April 1995, ali ndi zaka 91, ankauluka ndi mkazi wake Paula kuchoka ku Ocala, Florida kupita ku Oshkosh pa ndege yomanga yekha, O&O Special. Inasweka m'mwamba cha ku Stevenson, Alabama, onse awiri anamwalira. Ofufuza ngozi a boma la America, a NTSB, anapeza kuti nsalu inamatuka pa pulayiwudi ya phiko kutsogolo kwa aileron, mphepo n'kulowa, aileron ndi phiko n'kuyamba kunjenjemera mpaka kuthyoka, ndipo anati kumatukako kunabwera chifukwa nsaluyo sinaikidwe moyenera. Inali polyester koma inamatidwa ndi dope monga ankachitira ndi thonje, osati ndi mankhwala omwe opanga nsaluyo amalamula. Ndegeyo inali itauluka zaka zingapo popanda vuto. Chimene chimandiopsa ine ndi chimenecho, kuti cholakwika cha pa coat yoyamba sichioneka tsiku loyamba, ndipo amene chinamupeza sanali wophunzira kumene.

Coat yoyamba ikauma pamabwera kusoka. Ndege ikamauluka mpweya umakokera nsalu ya pamwamba pa phiko m'mwamba, mphamvu yonyamula ndegeyo imadutsa mu nsalumo kupita ku nthiti, ndiye nsalu iyenera kumangidwa ku nthiti iliyonse. Amayala katepi kolimba pamwamba pa nthiti kuti ulusi usadule nsalu, kenako singano yaitali kulowa pamwamba kutulukira pansi kuzungulira nthiti, n'kumanga mfundo yapadera yoti ulusi ukaduka pamodzi zina zisamasuke. Kutalikirana kwa mfundozo kumatengera liwiro la ndege, yothamanga zimayandikana, komanso kuseri kwa pulopela komwe mphepo imamenya kwambiri zimayandikana kuposa kwina. Ndege zina amagwiritsa timasikuluwu, ma rivet kapena timawaya m'malo mosoka. Pamwamba pa zonsezi pamamatidwa matepi a nsalu yomweyo odulidwa manomano m'mbali, manowo amachulukitsa malo ogwira guluu komanso nsalu siisomoka. Kenako timabowo totulutsira madzi kumunsi kwa phiko ndi mchira, ndi timikombero ta pulasitiki pomwe mudzaboole pofuna kusuzumira mkati. Timabowo ta madzito anthu amatiiwala kapena amatitseka ndi penti, madzi n'kumadikha kumchira, mapaipi n'kumadyeka ndi dzimbiri kunja kukuwala bwinobwino.

Apa ndiye sipuleyi ilowe. Ma coat awiri ena a mankhwala oyamba aja, kenako siliva. Siliva ameneyu ndi mankhwala omwewo osakaniza ndi ufa wosalala wa aluminiyamu, tizidutswa take timagona mosanjikizana n'kupanga chotchinga choti kuwala kusadutse. Pa Poly-Fiber amamutcha Poly-Spray ndipo amafuna ma cross coat atatu, cross coat imodzi kutanthauza kuti mwapopera chotalika kenako chopingasa, ndiye kunena zoona mwadutsa kasanu n'kamodzi. Ufawo umakhazikika pansi pa chitini, mukapanda kutakasa mokwanira mukungopopera madzi otuwa opanda ntchito. Ndege zakale zambiri zooneka zasiliva zija sikuti anasankha mtundu, anangolekera pomwepo osapaka china, ndipo zinali bwinobwino.

Kuyeza kwake n'kosavuta, babu la mawati 60 mkati mwa phiko kapena m'thupi la ndege, inu muime panja m'chipinda cha mdima. Mukaona kuwala kukudutsa, siliva wachepa, wonjezerani. Anthu ambiri amanyengeka apa poganiza kuti penti ya mtundu idzatseka zotsalazo. Siitseka mokwanira, makamaka yachikasu ndi yofiira. Ndipo malo amene amafuna siliva wokwanira kwambiri ndi pamwamba pa mapiko, pamsana pa ndege ndi pamwamba pa mchira, pomwe dzuwa limamenya tsiku lonse. Kwathu kuno nkhani imeneyi ndi yaikulu kuposa ku Wisconsin, tili pafupi ndi equator komanso pamtunda, Lilongwe ili mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, UV wake si wamasewera, ndiye ndege yogona panja siliva wochepa sangaikhululukire.

Pakati pa ma coat a siliva mumakwecha ndi sandipepa yosalala, 320 kaya 400, yonyowetsa ndi madzi. Osakwecha pouma, makamaka pa dope, nsalu yokungika imasonkhanitsa magetsi a static ndipo kuthetheka kamodzi pomwe pali nthunzi ya thina ndi moto, n'chifukwa chake ena amalumikiza waya kuchoka ku ndege kupita pansi. Pamwamba pa mfundo, ma rivet ndi m'mbali mwa matepi osadutsitsapo sandipepa, kukwecha kawiri katatu mwadula nsalu. Manomano a tepi akadzuka mumawagoneka ndi kasimbi kakang'ono kotentha pang'ono, osati kukwecha. Mukakwecha mpaka siliva kutha, poperaninso pamenepo.

Tafika pa mtundu tsopano, ndipo apa ndi pomwe wa sipuleyi wa magalimoto amalakwitsa ngakhale dzanja lake lili labwino chotani. Bodi ya galimoto siipinda. Nsalu ya ndege imagwedezeka nthawi zonse, pulopela ikamazungulira mbali za ndege zimanjenjemera, kukatentha kukazizira imasuntha, munthu akatsamira imalowa mkati n'kubwerera. Penti ya 2K ya galimoto, ija yosakaniza ndi hardener, ikauma imalimba gwa, ndiye pakapita zaka zochepa imayamba ming'alu, pena yozungulira ngati zipere pomwe mwala kapena chala chinadinapo, dzuwa n'kumalowera m'ming'alumo. Pali mankhwala ofewetsa omwe amathira mu penti ya mabampa apulasitiki, amathandizako poyamba koma ambiri amauluka pakapita nthawi. Penti ya ndege ya nsalu imapangidwa kuti izipinda moyo wake wonse.

Ndiye pali magulu awiri. Loyamba ndi la Poly-Tone komanso butyrate wa mtundu, siziwala kwambiri pokhapokha mutapukuta ndi polishi, koma kupopera kwake n'kosavuta ndipo kukonza ndi kokoma, nsalu ikang'ambika mumangosungunula penti ya pamalopo ndi thina, kumata chigamba, kupakanso, zatsopano n'kusungunukirana ndi zakale. Ikakalamba n'kuyamba kuuma pali rejuvenator yoibwezera kufewa. Lachiwiri ndi la polyurethane monga Aerothane ndi Ranthane, iyi imawala ngati yanyowa, petulo saiwononga, koma ikauma siisungunukanso, chigamba chimafuna kukwecha ndipo chimaoneka. Ine ndimaona kuti kandege kotera m'mabwalo a fumbi ndi miyala kamayenera gulu loyambalo, kuwala kwa pa chionetsero kulibe phindu tsiku lomwe chitsa chaboola pansi pa mchira. Mtundu uliwonse mungasankhe, wachikasu ndi wofiira amafuna coat yoyera pansi, apo ayi pamwamba pa siliva amaoneka akuda ngati matope. Mitundu yowala imayamba, yakuda pambuyo, ndipo yakuda kwambiri pamwamba pa phiko imatenthetsa mkati pa dzuwa. Zilembo za nambala, 7Q ya Malawi, 9J ya Zambia kaya ZU yomwe South Africa imapereka ku ndege zomanga wekha, zimabwera pamapeto ndi tepi yabwino yosalola penti kulowa pansi.

Za polyurethane ndinenepo chimodzi mosaseka. Hardener yake ili ndi poizoni wotchedwa isocyanate. Kamasiki ka pepala n'kopanda ntchito, olo ija ya makala siyodalirika chifukwa isocyanate simumununkhiza akamadutsa, opanga amanena kuti muvale chigoba cholandira mpweya wabwino kudzera pa payipi kuchokera panja. Isocyanate amabweretsa mphumu yosachoka, thupi likangoyamba kudana naye ndiye kuti olo pang'ono pokha chifuwa chimatseka. Ndimaona anyamata m'magalaja akupopera 2K atangomanga kansalu kumphuno, ena amati akamwa mkaka zitha, mkaka ukupita m'mimba pamene poizoni walowa m'mapapo. MEK naye amalowa pakhungu, magolovesi ndi ofunika.

Nyengo nayo ili ndi mawu. Thina akamauluka msanga amaziziritsa pamwamba pa penti, ngati mumpweya muli chinyontho chambiri madzi amagwera pa penti yosaumayo, imasanduka yotuwa ngati mkaka ndipo imakhala yofooka. Amati blushing. Mankhwala ake ndi retarder yochedwetsa kuuma, kapena kungodikira tsiku lina. Chinyontho chikadutsa cha m'ma 70 peresenti ndi bwino kutseka chitini, kutentha kwabwino ndi kwa m'ma 20 mpaka 25°C. Ndiye ku Blantyre kaya Thyolo tsiku la chiperoni iwalani, m'dzinja mvula itangokata iwalaninso, m'mawa kwambiri mame asanaume ayi. October ali ndi vuto lake lina, kutentha kumaumitsa penti isanafike pa nsalu n'kugwa ngati mchenga, kuphatikiza fumbi. Kompuresa ikhale ndi chosefera madzi ndi mafuta, dontho limodzi la mafuta kapena silicone limapanga timaenje tozungulira tomwe penti imathawa. Ndipo phiko amalipopera litagona pa chotembenuzira, osati litaima, kuti penti isachuche.

Pali gulu lina la omanga lomwe limati zonsezi n'kuwononga ndalama, iwo amapaka penti ya nyumba. Zoona, latex ya panja pa nyumba, makamaka anthu a Pietenpol Air Camper, kandege kamatabwa komwe Bernard Pietenpol anapanga mu 1929 ku Minnesota kuti kaziuluka ndi injini ya Ford Model A. Amaisungunula pang'ono, kuikankhira mu nsalu ndi bulashi ya siponji kapena rola, ena amayamba ndi yakuda kuti itseke kuwala, ena amati yoyera ili ndi titanium dioxide wokwanira kutchinga UV. Mtengo umatsika kwambiri, fungo palibe, zida mumatsuka ndi madzi, latex imapinda bwino, ndipo zilipo ndege zomwe zauluka nayo zaka zambiri. Sindingaitsutse yonse. Koma wopanga penti ya nyumba sanalonjeze aliyense za ndege, atha kusintha zosakaniza chaka chamawa chitini chili chomwecho, petulo akatayikira pa thanki imafewa, ndipo coat yoyamba ija ikapanda kukumbatira ulusi mwabwerera ku vuto lomwe lija. Komanso amene amachita zimenezi amanena 100 peresenti acrylic ya panja yapamwamba, osati PVA yotchipa ya m'chigubu yomwe timapaka m'chipinda, ija imachoka ndi nsanza yonyowa ija. Pa kandege koyenda pang'onopang'ono, kogona mu hangar, mwiniwake atayamba wapaka tizidutswa toyesera n'kutisiya padenga miyezi yambiri kenako kutikoka kuona mphamvu, ndingamve. Pa ndege yothamanga kapena yodzanyamula ana a eni, ayi.

Kwa munthu wokhala kutali ndi America palinso nkhani ya kabweretsedwe. Dope, Poly-Brush ndi thina ndi katundu woyaka, makampani a ndege amamuika m'gulu la katundu woopsa, ndiye kutumiza kwake ndi mapepala ndi ndalama zoti nthawi zina zimaposa mtengo wa chitinicho. N'chifukwa chake njira ya Stewart imakopa anthu, guluu wake EkoBond ndi EkoFill yotchinga dzuwa, yomwe ndi yotuwa moderako m'malo mwa siliva, zonse ndi zamadzi, ngakhale penti yake yomaliza imafunabe masiki ndipo kupopera kwake kumafuna kuzolowera. Oratex ya kampani ya Lanitz ku Leipzig ndiye inangodumpha nkhani yonse, nsalu imabwera ili ndi mtundu ndi chotchinga dzuwa kale, mumapaka guluu, kumata ndi kutentha, kukunga, basi, sipuleyi osaigwira. Pali ya ndege zofika makilogalamu 600 ndi ina ya zofika 6,000. Ndi yopepuka koma ndi yodula pa mita, siiwala kwambiri, ndipo mitundu ndi yomwe iwo apanga. Tindege ta ku South Africa monga Bat Hawk, tomwe amalondera nato nyama m'mapaki, nato sitipentedwa, timavekedwa nsalu ya mtundu kale yofanana ndi ya matanga a boti, ikatha ndi dzuwa amavula n'kuveka ina.

Kulemera ndi chinthu china chomwe chimapweteka anthu okonda kuwala. Coat iliyonse yowonjezera ndi makilogalamu omwe ndege idzanyamule moyo wake wonse, pa kandege ka mipando iwiri zimenezo ndi petulo kapena katundu yemwe mwamusiya pansi. Penti yokhuthala imang'alukanso msanga kuposa yopyapyala. Ndiye poti gawo lalikulu la thupi la ndege lili kumbuyo kwa mapiko, penti imakokera kulemera kumchira, choncho mukamaliza ndege iyenera kukwera pa sikelo n'kuwerengetsanso pomwe pali pakati pa kulemera kwake. Ma aileron, elevator ndi rudder ndiye osamala kwambiri, pa ndege zomwe mapulani ake amafuna balansi mumaziyeza mutapenta, chifukwa penti yambiri kumbuyo kwa hinji imatha kuyambitsa flutter, kunjenjemera kuja kumene kumathyola phiko m'masekondi ochepa.

Ikayamba kuuluka nsalu imayezedwa chaka ndi chaka, ndipo sayang'ana kuwala kwa penti. Malangizo a FAA, bungwe la boma la America loyang'anira za ndege, amati nsalu ikatsika kufika pa 70 peresenti ya mphamvu yomwe ndegeyo inkafuna poyamba, yatha ntchito. Pa ndege yothamanga kuposa 160 mph, pafupifupi makilomita 257 pa ola, muyezo ndi wa thonje la Grade A lomwe latsopano limapirira mapaundi 80 pa inchi, ndiye malire ndi mapaundi 56, cha m'ma kilogalamu 25. Pa zing'onozing'ono zoyenda pang'onopang'ono malire ndi mapaundi 46. Pali kachida ka Maule kokhala ndi sipuling'i komwe amadina pa nsalu kuti aone ngati iboole, koma penti yokhuthala imakanamiza. Pakakhala chikaiko amadula kachidutswa pamalo omwe dzuwa lamenya kwambiri, pamwamba pa phiko pomwe pali mtundu wakuda kapena ming'alu, kuchotsa penti yonse, kusiya mulifupi inchi imodzi, kupana mbali zonse ziwiri n'kupachika ndowa kumunsi, kenako kumathira mchenga pang'onopang'ono. Kakaduka ndowa isanafike kulemera kuja, ndege yonse isendedwe, kuyambiranso pa pulayima.